Kumene Kunali Kupita Sitima, Tsopano Kuyenda Anthu

M'dela la mapili la Peak District ku England muli njila yochedwa Monsal Trail, ya makilomita pafupi-fupi 14. Iyambila pafupi ndi tauni ya Bakewell ndi kukathela ku Blackwell Mill. Ngakhale kuti dela limeneli ndi la zitunda ndi zigwa, okalamba, ana, opalasa njinga ndi oyenda pa njinga za olemala amayendamo popanda kupuma mwa wefuwefu.

Cifukwa cake ndi cakuti njilayi inali njanji. Sitima siingakwele citunda cacikulu pakuti mawilo acitsulo amatelela pa njanji. Motelo, pamene kampani ya Midland Railway inatsegula cigawo cimeneci mu 1863, pa njanji yolumikiza London ndi Manchester, amisili anali atasalaza zonse. Pamene panali phili anaboola mphanga, ndipo pamene panali cigwa anamanga ulalo. Woyenda pansi lelo akudyelela thukuta la amisili amenewo, pakuti njila imakwela pang'ono kwambili, pafupi-fupi mita imodzi pa mamita 100 alionse.

Sitima zinaleka kupita mu 1968, ndipo mu 1981 oyang'anila Peak District National Park anatsegula njilayi kwa anthu. Koma mphanga zinayi zitali-zitali zinakhalabe zotseka, cakuti anthu anali kuzilambalala ndi kukwela zitunda zimene njanji inazipewa. Zinatsegulidwa mu 2011, ataikamo magetsi oyaka usana okha. Wocedwa mpaka madzulo ayenela kunyamula toci.

Malo ochuka koposa ndi ulalo wa Headstone, wodutsa pamwamba pa mtsinje wa Wye. Munthu amatuluka mu mdima wa mphanga ya mamita oposa 480, ndipo mwadzidzidzi aona cigwa conse cili pansi pake. Wolemba mabuku John Ruskin anadandaula kwambili kuti njanjiyi inaononga cigwaco kungoti anthu aziyenda mofulumila pakati pa Buxton ndi Bakewell. Codabwitsa, ulalo womwewo lelo ndi wotetezedwa ndi lamulo.

Pali magulu amene afuna kuti sitima zibwelele, maka-maka zonyamula anthu ndi miyala yocokela m'migodi ya m'delalo. Oyang'anila pakiyo sanavomeleze ganizoli.