Maswiti Omata ndi Fumbi la ku Kabwe

Maswiti ofewa otafuna, amene ana amawakonda kwambiri, ali a mitundu iwiri. Ena amapangidwa ndi jelatini, yocokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe kapena nkhumba. Amai ophika ziboda za ng'ombe amaidziwa bwino, pakuti ndiyo imalimbitsa msuzi ukazizira. Ena amapangidwa ndi zocokera ku zomera, monga cimanga ndi makoko a malalanje, ndipo otere ndiwo oyenera anthu osadya nkhumba.

Komabe onsewa amafanana pa cinthu cimodzi: amamata. Switi ikagwa pansi, kapena ikagwiridwa ndi manja osasamba, imatola dothi, ndipo mwana amameza zonse.

Ku Kabwe nkhaniyi ndi yaikulu. Mgodi wa mtovu ndi zinki, wodziwika kale ndi dzina lakuti Broken Hill, unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka pafupifupi 90, koma mtovu ukali m'nthaka ya makomboni a Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ukalowa m'magazi a mwana umaononga ubongo, ndipo mwanayo amabvutika kuphunzira ngakhale aoneke wathanzi.

Motero makolo a ku Kabwe, ndi inu a kumidzi amene mumakacezera abale kumeneko, gulani maswiti okulungidwa bwino. Sambitsani ana m'manja ndi sopo asanadye. Switi yogwa pansi itayidwe, cifukwa kuipukuta pa malaya sikucotsa fumbi lomatirira. Kulira kwa mwana kumatha, koma ubongo woonongeka ndi mtovu sucira.