Galimoto yozimazima siinalodzedwe: yambani mwaona batire

Pa msewu wocokera pa mlatho wa Luangwa kupita ku Boma la Feira, umene umadzera pa Mishoni ya Katondwe, pali dandaulo limodzi limene silicoka pakamwa pa eni magalimoto. Akuti galimoto imalira bwino mmawa, nkunyamula anthu ndi mitolo ya nsomba zouma, koma ikaima pang'ono masana imakana kuliranso. Woyendetsa akapotoza kiyi amangomva kuti ke-ke-ke, basi. Mawa lace makanika akafika ndi zitsulo zace, galimoto yomweyo imalira nthawi yomweyo monga ngati siinalakwepo kanthu, ndipo mwini wace amatsala ndi manyazi.

Ena amafulumira kunena kuti pali munthu wa kaduka amene waiponda. Ena amagula sitata yatsopano, kenaka pampu ya mafuta, kenaka mapulagi, ndalama za nsomba nkuthera m'zitsulo pamene bvuto likali pomwepo. Koma kawirikawiri colakwa cimakhala capafupi ndiponso cochipa: batire lofooka, kapena waya umene sukugwira bwino.

Kwa munthu wa mu mzinda wa Lusaka, galimoto yokana kulira ndi nkhani yocedwa ku nchito cabe. Kuno ku cigwa si conco. Mlatho wa Luangwa uli pa mtunda wa makilomita oposa 200 kucokera ku Lusaka, ndipo kucoka pa mlathopo kukafika pa Boma, pamene Luangwa amathira m'Zambezi, ndi makilomita pafupifupi 90. Midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma ndi ya Mfumu Mphuka yandanda m'mphepete mwa mitsinje iwiriyi, ndipo ambiri mwa anthu ace amadalira cipatala ca Katondwe, coyendetsedwa ndi masisitere a Little Servants of Mary Immaculate, cimene cimalandiranso odwala ocokera kutsidya ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Mai wapakati akayamba kumva zowawa usiku, kapena msodzi akagwidwa ndi ng'ona, galimoto imodzi ya m'mudzimo ndiyo imaweruza mlandu. Ansembe a Cijezwiti amene anakhazika mishoniyi, atacotsedwa ku Miruru m'dziko la Mozambique mu 1910, anali kuyenda pansi. Lero palibe amene angafune kunyamula wodwala pa macira usiku m'njira yodutsa njobvu, cifukwa ca kamutu ka batire kamene kakanamangidwa ndi sipanala m'mphindi ziwiri.

Matenda a galimoto za olemera

Awerengi asaganize kuti bvutoli ndi la magalimoto okalamba a kumudzi okha. Linachuka kwambiri pa galimoto zaliwiro za ku Britain, zija za mipando iwiri zopanda denga, monga MG ndi Triumph, zimene zinali kunyadiridwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zipangizo za magetsi za galimotozo zinali kupangidwa ndi kampani ya Lucas ya ku Birmingham, ndipo popeza nyale zinali kuzima ndi kuyaka mwa kufuna kwace, oyendetsa anaipatsa kampaniyo dzina lacipongwe lotanthauza kuti kalonga wa mdima. Galimoto ya MGB, kufikira mu 1974, inali ndi mabatire awiri a mavolti 6 obisika kumbuyo kwa mipando, malo amene mwini wace sanali kuwaona kawirikawiri, kotero madzi anali kuuma ndi mitu kucita dzimbiri iye osadziwa. Amene amakonza galimotozo mpaka lero amanena kuti zolakwa zambiri zimapezeka pa malo olumikizira mawaya, pamene pacita dzimbiri kapena pakhwepa.

Nkhaniyi ikutikhudza cifukwa Land Rover yakale, imene inali kutumikira maboma ndi mamishoni a dziko lino, inali ndi zipangizo za kampani yomweyo. Koma Land Rover ija inali yokhululuka. Batire likafooka, anyamata asanu anali kuikankha pa citunda, iyo nkulira. Magalimoto amene adzaza misewu yathu masiku ano, ogwirapo kale nchito ku Japan, ambiri ndi osintha okha magiya, ndipo otere sakankhidwa. Ndiponso ali ndi kompyuta imene imalamulira mafuta ndi moto wa mu injini. Kompyutayo ikalandira magetsi ocepa imasokonezeka: tinyale ta cenjezo timayaka ndi kuzima, magalasi amakwera mwaulesi, wailesi imaiwala masiteshoni, injini imazima pa mphambano. Mwini galimoto amaona matenda asanu, pamene gwero lace ndi limodzi.

Dzuwa la m'cigwa limadya batire

Batire la galimoto ndi cipangizo cakale. Analitulukira Mfalansa wina, Gaston Planté, mu 1859, ndipo macitidwe ace sanasinthe kwenikweni. M'kati mwace muli zipinda 6, ciriconse cokhala ndi mapale a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Cipinda cimodzi cimapereka mavolti 2.1, ndiye zonse pamodzi mavolti 12.6. Nchito yace yaikulu ndi ya kamphindi cabe, kuzunguza sitata, koma pa kamphindi kameneko sitata imakoka maampu oposa 100, ndipo pa injini ya dizilo kuposa pamenepo kwambiri. Injini ikalira, alternator ndiyo imabwezera mphamvu imene yacoka.

M'maiko ozizira batire limafa m'nyengo yacisanu. Kuno mdani ndi kutentha. Feira ndi limodzi mwa malo otsika ndi otentha kopambana m'Zambia, ndipo m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Pansi pa boneti, pafupi ndi injini, kumaposa pamenepo. Akatswiri a mabatire amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 8 kapena 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire umadulidwa pakati. Madzi amauma msanga, mapale amaonekera pamtunda, ndipo mbali imene yauma siigwiranso nchito ngakhale mutathiramo madzi pambuyo pace. Cotero munthu wa ku Katondwe asadabwe kuti batire lace latha msanga kuposa la mbale wace wa ku Cipata kapena ku Mbala, ngakhale anagula tsiku limodzi.

Mdani waciwiri ndi ulesi wa galimoto. Batire lokhala masabata ambiri losachajidwa limamera nkhanambo zoyera pa mapale ace m'kati, ndipo nkhanambozo zikauma sizisungunukanso. Galimoto yoyenda maulendo aafupi okhaokha, kucoka panyumba kufika pa msika nkuzima, imacotsa m'batire zambiri kuposa zimene imabwezera. Zili ngati nkhokwe imene mumatapamo tsiku ndi tsiku koma mumathiramo mbale imodzi pa sabata.

Cifukwa cace bvuto limabwera ndi kupita

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, pakuti munthu amayembekezera kuti cinthu cikaonongeka cikhale coonongeka. Magetsi sacita conco. Kuti ayende amafuna njira yathunthu, kucoka pa mutu wa batire wa cizindikiro ca +, kudutsa m'cipangizo, ndi kubwerera pa mutu wa cizindikiro ca − kudzera m'citsulo ca galimoto yeniyeniyo. Waya wokhuthala umene umamanga batire ku thupi la galimoto, ndi wina womanga injini ku thupilo, amakanika amauchula kuti earth. Pa malo amenewa pakalowa dzimbiri kapena pfumbi losakanizika ndi mafuta, magetsi ocepa a wailesi ndi a nyale amadutsabe, koma ocuruka a sitata amakanika. Ncifukwa cace woyendetsa amalumbira kuti batire lili bwino popeza hutala ikulira.

Citsulo cikatentha cimafufuma, cikazizira cimabwerera. Mfundo yokhwepa imene imagwira mmawa ingaleke kugwira masana. Mabampu nawonso amaigwedeza: msewu waukulu wopita ku Boma unaikidwa phula, koma njira zolowa m'midzi ndi za kumadooko zikali za miyala ndi mcenga. Galimoto ikagunda mwala waya umalekana, ikagunda wina umagwirananso. Makanika akafika, kungotsegula boneti ndi kugwiragwira mawaya kumakwanira kubisa bvutolo kwa masiku atatu.

Pali zina zimene timadzipangira tokha. Galimoto yonyamula cimanga ndi nsomba imaitana makoswe, ndipo makoswe amakonda kutafuna cikopa ca mawaya. Wailesi yaikulu, nyale zoonjezera ndi zochajira mafoni zimalumikizidwa mwa kupota mawaya ndi zala nkukulunga ndi pepala la pulasitiki. Coipa koposa ndi kuika kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi imene yapsa. Fyuzi imapsa kuti galimoto isapse. Amene amacita zimenezi wacotsa mlonda pakhomo.

Kuona maso a nkhono nkudekha

Musanagule citsulo ciriconse, yesani izi madzulo. Yatsani nyale zakutsogolo, wina aziyang'ana, inu mupotoze kiyi. Nyale zikazimiratu kapena kutsala ngati khala la moto, batire ndi lofooka kapena mitu yace siikugwira. Zikakhalabe zowala koma sitata osazungulira, bvuto lili pa kiyi, pa mawaya opita ku sitata kapena m'sitata momwemo. Mukatero khudzani mitu ya batire mosamala. Mutu umene watentha ndi umene uli ndi mlandu. Mutu wabwino sutembenuka poupotoza ndi dzanja.

Kacipangizo koyezera magetsi kamagulitsidwa m'masitolo a zitsulo, ndipo eni magalimoto a mudzi umodzi angasonkherane nkugula kamodzi. Batire limene lagona usiku wonse likasonyeza mavolti 12.6 ndi lodzaza. Likasonyeza 12.2 latsala theka, ndipo pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu. Injini ikulira, muyezo uyenera kukhala pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ukacepera pamenepo, onani lamba wozunguza alternator ngati wakhwepa. Ukafika ku 15 kapena kupitirira, batire likuphikidwa, ndipo mudzamva fungo ngati la dzira loola.

Pali cizolowezi cimodzi cimene ciyenera kutha, cocotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati galimoto ikuchaja. Njirayi inatsalira m'masiku a dayinamo. Pa galimoto yamakono ingaoche alternator ndi kompyuta nthawi imodzi, ndipo mtengo wa ziwirizi ungagule mabatire angapo.

Kusamala kwace sikufuna maphunziro. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pa mitu umacoka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira, koma madziwo asalowe m'zipinda. Mitu ikauma ipalidwe mpaka iwale, imangidwe zolimba, nkupakidwa girizi pang'ono pamwamba. Pomasula yambani ndi mutu wa −, pobwezera mutsirize nawo, kuopa kuti sipanala ingagunde citsulo nkuthetheka moto. Batire limangidwe pa mpando wace ndi citsulo cace. Lomangidwa ndi mphira wa cubu limadumpha, mapale nkusweka m'kati. Oyendetsa galimoto za mpikisano, monga za m'mipikisano imene inachukitsa Satwant Singh wa dziko lino m'Africa yense, saloledwa kuyamba ulendo batire lisanamangidwe zolimba, ndipo misewu yao siiposa yathu kuipa.

Ngati batire lanu lili ndi zibvundikiro zotsegula, onani madzi kawiri pa mwezi m'nyengo yotentha. Ayenera kumiza mapale. Thiranimo madzi a batire ogula, aja ochezedwa monga momwe amachezera kacasu. Madzi a pa mjigo, a pa citsime kapena a mu mtsinje ali ndi mcere umene umapha mapale. Asidi saonjezeredwa, pakuti cimene cimauma ndi madzi okha. Ndipo musasute fodya kapena kuunikira ndi macesi pa batire limene likuchajidwa, popeza limatulutsa mpweya wophulika. Asidi akagwera m'maso, sambani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, nkuthamangira ku cipatala.

Batire la m'nyumba, ndi lakufa

Mabanja ambiri tsopano ali ndi sola pa denga, ndipo ena amabwereka batire la galimoto usiku kuti aonere mpira. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa kamphindi, nkudzazidwanso pomwepo. Kulikama mpaka litheretu usiku uliwonse kumalipha m'miyezi yocepa. La sola ndi la mtundu wina, la mapale okhuthala. Galimoto imene mudzi umadalira pa matenda isamacotsedwe batire cifukwa ca mpira. Ngati idzaima masabata angapo, masulani mutu wa −, ndipo poiliza muiyendetse theka la ora kapena kuposa.

Batire likafa lisatayidwe kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera, ndipo lisaswedwe kuti mtovu wace usungunulidwe kukhala zolemetsa maukonde. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa mwana mwakacetecete. Anthu a ku Kabwe akali kubvutika nawo m'dothi ngakhale mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994. Ogulitsa mabatire ambiri amalandira lakale nkucotsako pa mtengo wa latsopano, kotero likwezeni pa galimoto yopita ku Lusaka, litaimirira, zibvundikiro zitatsekedwa, kutali ndi matumba a ufa ndi nsomba. Pogula latsopano funsani tsiku limene linapangidwa, pakuti batire limakalamba ngakhale lili pa shelefu, ndipo musacoke m'sitolo popanda cipepala ca citsimikizo colembedwa tsiku logulira.