A Felix Mlusu: kuchokera ku inshuwalansi mpaka ku Unduna wa Zachuma

Pamene Dr Lazarus Chakwera adasankha nduna zawo zoyambirira kumapeto kwa June 2020, udindo wosunga thumba la boma udapita kwa munthu amene sadali phungu wa Nyumba ya Malamulo, komanso amene sadadziwike ndi misonkhano ya ndale. A Felix Mlusu ankadziwika ndi inshuwalansi, ntchito imene anthu ambiri kuno ku Phalombe amangoikumbukira akaona chimata cha pagalasi la minibasi.

Mbiri yawo njolukana ndi ya kampani ya NICO, imene idakhazikitsidwa mu 1971 ndi dzina loti National Insurance Company. Iwo adaitsogolera kwa zaka zambiri, ndipo m'nthawi yawo kampaniyi idasintha maonekedwe. Mu November 1996, NICO idakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Pambuyo pake idagawa ntchito zake, inshuwalansi ya katundu payokha ndi ya moyo payokha, pansi pa likulu lotchedwa NICO Holdings, ndipo idafika mpaka ku Zambia, Tanzania, Uganda ndi Mozambique. Atapuma pa ntchito, mpando wawo adausiyira a Vizenge Kumwenda.

Ntchitoyi simveka bwino kwa ambiri, koma mfundo yake njofanana ndi ya gulu la maliro la pamudzi. Anthu ochuluka amasonkha pang'onopang'ono tsoka lisanagwe, ndipo amene lawagwera amalipidwa kuchokera m'thumba limodzilo. Kusiyana kwake nkwakuti kampani iyenera kuwerengeratu kuti ngozi ingagwe kangati, ingawononge zochuluka bwanji, ndipo isunge ndalama zokwanira. Ikalakwitsa masamuwo, imagwa. Boma nalo limakumana ndi funso lomwelo chaka ndi chaka, ngakhale kuti kawirikawiri limaliyankha mochedwa, madzi atalowa kale m'nyumba.

Ku Unduna wa Zachuma a Mlusu adapezako mliri wa Covid-19 ndi malonjezo a kampeni odikira kukwaniritsidwa. Bajeti yawo ya 2020/21 idabweretsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, momwe thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495. Malipiro osadulidwa msonkho adakwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi. M'nthawi yawonso ndi pamene chaka cha boma cha zachuma chidasinthidwa kuti chiziyamba mu April m'malo mwa July, nchifukwa chake bajeti ya 2021/22 idali ya miyezi isanu ndi inayi yokha. Kusinthaku kudakhudza makhonsolo onse, kuphatikizapo ya Phalombe, pa kakonzedwe ka mapulani a chitukuko.

Koma gawo limene likukhudza kwambiri boma lino ndi la inshuwalansi ya ng'amba. Dziko la Malawi lidayesapo kale njirayi mu nyengo ya 2015/16 kudzera ku bungwe la African Risk Capacity, ndipo zidavuta. Mbewu zidapserera m'minda, koma makina owerengera a bungwelo adaonetsa kuti palibe chifukwa cholipira. Atafufuza adapeza kuti alimi ambiri adabzala chimanga chocha msanga, pomwe makinawo ankawerengera chimanga chochedwa kucha. Ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zidaperekedwa mu January 2017, njala itapweteka kale anthu. Kwa zaka zingapo boma silidabwererenso ku inshuwalansiyo. Lidaigulanso pa nyengo ya 2021/22, a Mlusu ali nduna, ndipo mvula itachita njomba m'madera ena, dziko lidalandira madola 14.2 miliyoni mu 2022. Sikungakhale koona kunena kuti zonsezi adachita munthu mmodzi, pakuti Unduna wa Zaulimi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi adali momwemo. Komabe ndalama yolipiriratu tsoka limene silinagwe njovuta kuiteteza pamaso pa aphungu ofuna misewu ndi mijigo, ndipo imafuna nduna yodziwa chimene ikugula.

Alimi ena a ku Phalombe adalawako njira yomweyi pa mlingo wa banja. Kudzera mu ndondomeko ya bungwe la World Food Programme, mlimi amatha kulipira inshuwalansi ya mbewu ndi ndalama kapena ndi ntchito zosamalira nthaka ndi madzi. Mu 2021 mabanja pafupifupi 65,000 m'maboma angapo a kum'mwera adagawana madola 2.4 miliyoni zokolola zitalephera.

A Mlusu adachoka m'boma mu January 2022, pamene Dr Chakwera adathetsa nduna zonse, ndipo unduna wawo udapita kwa a Sosten Gwengwe. Sabata yomweyo namondwe wa Ana adakokolola minda ndi nyumba m'chigawo cha kum'mwera. Inshuwalansi imene boma lidagula idali ya ng'amba, yosakhudza madzi osefukira. Kwa boma lokhala m'tsinde mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje, limene lidaona napolo wa mu March 1991 ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, mbali imeneyi ndi imene makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ayenera kuifunsa mwatsatanetsatane asanalembetse alimi awo: kodi pepala limene mlimi akusaina likunena za ng'amba yokha, kapena likuphatikizapo madzi ndi mphepo?