Mpeni wa Agogo Unachokera Kuti?

Nkhani yathu lero yachokera ku Limbuli m'boma la Mulanje, kufupi ndi malire a Muloza. Bambo ŵina kumeneko atilembera za mpeni umene anasiya agogo awo. Akuti ndi wakuthwa mbali imodzi, chogwirira chake ndi cha mtengo chokulungidwa ndi waya wa mkuwa, ndipo patsinde pa chitsulo pali kanyenyezi ndi kamtanda. Pamtundu pawo amati ndi mpeni wa Aluya. Tsono munthu wina pamsika wawonetsa ndalama kuti augule, ndipo iwo afuna adziŵe chimene ali nacho asanayankhe.

Choyamba, bambo, musaukweche ndi mchenga, ndiponso musaunole. Ambiri pofuna kuchotsa dzimbiri amafafaniza chizindikiro, pamene umboni wonse uli pomwepo. Pakanipo mafuta pang'ono ndi kansalu, basi.

Tiyambe ndi chitsulo. Pamene David Livingstone anafika kumapiri a Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, mikondo ndi mipeni. Mpeni wa osula athu umadziŵika msanga. Kaŵirikaŵiri umakhala wakuthwa konsekonse, wokhala ndi msana pakati, ndipo mukauyang'ana padzuŵa mumaona mmene nyundo inkagwera. Malemba sukhala nawo. Mpeni wa Aluya weniweni, uja amanyadira anthu a ku Oman ndi ku Zanzibar, ndi wokhota, ndipo chimake chimakongoletsedwa ndi siliva. Wa ku Limbuliwu suli m'gulu la iŵiriyi.

Kanyenyezi ndi kamtanda ndi chizindikiro cha kampani ya Joseph Rodgers ya mumzinda wa Sheffield ku Mangalande. Koma tisafulumire kuomba m'manja, pakuti dzinali linatchuka kotero kuti amisiri ena ankaliba, kulidinda pa mipeni yawo yotsika. Onaninso ngati pali mawu akuti England. Mu 1890 dziko la America linalamula kuti katundu woloŵa kumeneko azilembedwa dziko lochokera, ndipo kuyambira pamenepo makampani ambiri a ku Sheffield anawonjezera mawuwo. Akapezeka, ndiye kuti mpeniwo sunapangidwe kale kuposa nthaŵi imeneyo. Akasoŵa, mwina ndi wakaledi, koma umenewo si umboni wokwanira.

Nanga chogwirira? Mipeni yambiri ya kwa Azungu chogwirira chake chimakhala matabwa aŵiri kapena nyanga zomangidwa ndi timisomali. Waya wa mkuwa wokulunga mtengo ndi luso la kuno kwathu. Kuganiza kwanga ndi kwakuti chogwirira choyamba chinathyoka, mmisiri wa m'mudzi nasema china. Choncho mpeni umodzi uli ndi kwawo kuŵiri.

Kumene unasulidwa ndi nkhani ina, njira imene unadzera ndi inanso, ndipo apa mpamene mawu a agogo angakhale oona. Amalonda a m'mbali mwa nyanja ya mchere ankagulitsanso katundu wa Azungu: nsalu, mikanda, mfuti ndi mipeni. Amtengatenga a mafumu a Chiyao monga Matipwiri ankatsikira ku Quelimane kudzera m'dera lomweli, mpaka boma la Atsamunda linamanga Fort Lister mu 1893 ndi kugonjetsa Matipwiri mu 1895. Mpeni wa ku Sheffield wogulidwa kwa Mluya, pamudzi akanautcha chiyani? Wa Aluya ndithu. Ukhozanso kukhala wa m'sitolo ya Mandala, kapena unabwera m'thumba la Mlomwe wochokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Enanso anabwera ndi mipeni pochokera ku nkhondo ya Chiwaya, imene mu Ogasiti 1918 inafika ku Lioma, kutsidya kwa malire komweku.

Ndiye funsani okalamba amene atsala: agogowo anabadwira kuti, anayenda maulendo ati, mpeniwo anaulandira kwa yani? Lembani zimene anene. Kenaka kauonetseni kunyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri mu Blantyre. Wa pamsika uja muuzeni ayambe wadikira.