Chisoli cha ku Chongwe ndi mmene chiyankhulo chimazilalira

Chisoli ndi chiyankhulo cha Asoli, mtundu umene unakhazikika kalekale m'dera lomwe lero muli mzinda wa Lusaka ndi maboma a Chongwe ndi Rufunsa, ndipo kalembera wa mu 2010 anapeza kuti ochiyankhula tsiku ndi tsiku anali pafupifupi 34,000, ngakhale kuti odzitchula kuti ndi Asoli anali ochuluka kuposa pamenepo. Akatswiri amachiika m'gulu la Botatwe pamodzi ndi Chitonga, Chiila ndi Chilenje, ndipo pa mndandanda wa Malcolm Guthrie wa ziyankhulo za Chibantu chili m'chigawo M pamene Chinyanja chili m'chigawo N, zomwe zikutsimikiza kuti Chisoli ndi chiyankhulo choima pachokha.

Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo ndi chizindikiro cha kusamuka kwa chiyankhulo, kutanthauza kuti eni ake akuchisiya pang'onopang'ono n'kutengera cha anansi awo. Katswiri wa ziyankhulo Joshua Fishman anafotokoza mu 1991 kuti chofunika koposa pa moyo wa chiyankhulo ndi chakuti makolo azichipatsira ana pakhomo, popeza kuzilala kumatsata mibadwo: agogo amachiyankhula bwino, makolo amachisakaniza ndi china, ana amachimva koma amayankha m'chinacho, ndipo otsatira awo sachimvanso n'komwe.

Ku Chongwe chiyankhulo chinacho ndi Chinyanja, chimene chinakula mphamvu Lusaka atakhala likulu mu 1935, n'kufalikira kudzera m'misika, m'matchalitchi ndi mumsewu wa Great East Road. Sukulu nazo zawonjezera. Zambia ili ndi ziyankhulo 7 zovomerezeka m'zigawo, Chisoli mulibemo, choncho pamene boma linayamba mu 2014 kuphunzitsa ana a giredi 1 mpaka 4 m'chiyankhulo cha kwawo, mwana wa Chisoli anapatsidwa mabuku a Chinyanja. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma mwanayo anaphunziranso chinthu chomvetsa chisoni, chakuti mawu a agogo ake salembedwa pa bolodi.

Mwambo wa Chakwela Makumbi, umene mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera popempha mvula nyengo yodzala isanafike, umapatsa Chisoli ulemu pagulu, komabe umachitika kamodzi pachaka, pamene mwana amagwira chiyankhulo pochimva tsiku lililonse. Chimene chikufunika ku Chongwe ndi timabuku ta ana ta m'Chisoli, aphunzitsi ochidziwa, ndiponso kujambula mawu a okalamba akadali moyo.