Mabakiteriya Amene Safa ndi Madzi Owira

Mabakiteriya ambiri ndi tizilombo tosachedwa kufa, moti madzi owira, dzuwa lamphamvu kapena kuuma kwa malo amene akukhala kumawatha m'kanthawi kochepa, ndipo n'chifukwa chake kuwiritsa madzi akumwa kumateteza banja ku kolera ndi taifodi. Koma pali magulu ena, makamaka awiri otchedwa Bacillus ndi Clostridium, amene zinthu zikafika pothina amadzisandutsa kanthu kolimba kwambiri, kamene sikadya, sikakula ndipo sikaswana, chikhalirecho kali ndi moyo. Asayansi amakatcha endospore chifukwa kamapangidwira mkati mwa selo la bakiteriyayo, ndipo m'nkhani ino kazitchedwa kanjere. N'kakang'ono zedi, moti tinjere 1,000 titandandalikidwa pamzere umodzi tingangokwana pafupifupi milimita imodzi. Kanjereka si njira yoberekerana ngati fumbi limene limatuluka mu bowa kapena mu chuku cha pachimanga chowola, pakuti bakiteriya mmodzi amapanga kanjere kamodzi kokha, ndipo kakadzuka kamabweza bakiteriya mmodzi yemweyo. Chimene bakiteriyayo amapindula ndi nthawi yodikirira kuti zinthu zisinthe.

Nkhaniyi inadziwika bwino mu 1876, pamene Ferdinand Cohn, katswiri wa zomera wa ku Breslau, mzinda umene lero umatchedwa Wrocław m'dziko la Poland, anafotokoza chifukwa chimene madzi oviikamo udzu wouma ankadzaziranso ndi mabakiteriya ngakhale atawiritsidwa. Ena ankati zimenezi zikusonyeza kuti moyo ungayambe wokha kuchokera ku zinthu zopanda moyo, koma Cohn anaona pa maikulosikopu kuti bakiteriya wotchedwa Bacillus subtilis amapanga timadontho towala mkati mwake, ndipo timadonthoto ndi timene timapirira kutentha. M'chaka chomwecho Robert Koch, amene panthawiyo anali dokotala m'tauni yaing'ono ya Wollstein, anasonyeza kuti bakiteriya woyambitsa matenda a anthrax amachitanso chimodzimodzi, ndipo apa panapezeka yankho la funso limene linkasautsa alimi, loti n'chifukwa chiyani msipu wina unkapha ziweto chaka ndi chaka. Ku England nako John Tyndall anapeza mu 1877 kuti kuwiritsa mobwerezabwereza, n'kumapumira pakati, kumapha zimene kuwiritsa kamodzi kwa nthawi yaitali kwalephera, popeza m'nthawi yopumirayo tinjere timadzuka n'kusanduka mabakiteriya ofewa amene moto wotsatira umawapeza opanda chitetezo.

Bakiteriya sathamangira kupanga kanjere, ndipo pali chifukwa chomveka. Ntchitoyi imatenga pafupifupi maola 8 mwa Bacillus subtilis, imadya mphamvu zambiri, komanso ikadutsa pamlingo winawake sibwereranso m'mbuyo, choncho bakiteriya amene wayamba msanga, chakudya n'kubwera iye ali mkati mwa ntchitoyo, amatsala pamene anzake akuswana. Pachifukwachi amayamba wayesa njira zina, monga kusambira kupita kumene kuli chakudya, kutulutsa timadzi togaya zinthu zolimba zomuzungulira, ngakhalenso kutulutsa poizoni wopha abale ake amene kuti adye zotuluka m'matupi mwawo. Zonsezi zikakanika, puloteni ina yotchedwa Spo0A, imene imasonkhanitsa zizindikiro za njala ndi za kuthithikana, imafika pamlingo wokwanira n'kuyambitsa ntchito ya majini ambirimbiri, amene ndi malangizo olembedwa mu DNA ya selolo.

Choyamba bakiteriyayo amakopera DNA yake kuti ikhale iwiri, kenako amamanga khoma mkati mwake, osati pakati penipeni monga amachitira poswana, koma chakumapeto, kotero kuti pamakhala chipinda chachikulu ndi chaching'ono. Chachikulucho chimatchedwa selo la mayi, ndipo chaching'onocho ndicho chidzakhale kanjere. Selo la mayi limatambasula khungu lake n'kukuta kachipindako mpaka kukameza, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yake yonse imakhala yokamangira chitetezo. Limayala chikhungwa chokhuthala chotchedwa cortex, pamwamba pake n'kusanja chovala cha mapuloteni a mitundu yoposa 70, komanso limapanga asidi wotchedwa dipicolinic acid, amene amalowetsedwa mkati mwa kanjereko limodzi ndi kashiamu mpaka kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa kanjere kouma. Zinthuzi zikamalowa, madzi amatuluka. Zonse zikatha selo la mayi limaphulika n'kufa, ndipo kanjere kamatsala kokha m'dothi. N'zogometsa kuti kanthu ka selo limodzi, kopanda ubongo, kamagawa ntchito pakati pa zipinda ziwiri zimene zimatumizirana uthenga pa sitepe iliyonse, kuti china chisapitirire chinzake chisanamalize mbali yake.

Chinsinsi chachikulu cha kupirira kutentha chagona pa kuchepa kwa madziko. Kutentha kumapha selo mwa kupotokola mapuloteni ake, monga mmene choyera cha dzira chimaumira m'madzi owira osathekanso kubwerera mwakale, koma mapuloteni amene ali mouma, opanikizana popanda mpata wogwedezeka, savutika kusunga maonekedwe awo. DNA nayo imakutidwa ndi timapuloteni tapadera timene timaiteteza ku cheza cha dzuwa ndi ku kuuma, pamene chovala chakunja chimatsekereza mankhwala ambiri ophera tizilombo. Zowonongeka zochepa zimene zimachitikabe pa DNA m'zaka za kugonako zimakonzedwa kanjereko kakangodzuka.

Ngakhale kali chigonere, kanjere kamakhala ndi tizida tozindikira chakudya pakhungu lake lamkati. Zinthu monga shuga kapena alanine, amene ndi chimodzi mwa tizigawo topanga mapuloteni, zikafika pamodzi ndi chinyezi, kamatulutsa asidi uja, madzi amalowa, chikhungwa chimasungunuka, ndipo m'mphindi zowerengeka kulimba konse kuja kumatha. Timapuloteni timene tinkateteza DNA timagayidwa n'kukhala chakudya choyamba cha bakiteriya watsopanoyo. Si tinjere tonse timene timadzuka nthawi imodzi, ndipo tina timapitiriza kugona ngakhale chakudya chilipo, zimene zimathandiza kuti mtunduwo usatheretu ngati ubwino wa nyengoyo unali wosakhalitsa. Chinanso chofunika kuchidziwa n'chakuti kutentha kumene sikunafike popha kanjere kumakadzidzimutsa kuti kadzuke msanga, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imakhudza kwambiri za kukhitchini.

Umboni wa kutalika kwa tulo timeneti ulipo wokwanira. Mu 1942 asilikali a Britain anayesera mabomba a anthrax pachilumba cha Gruinard ku Scotland, ndipo dothi la pachilumbapo linakhala loopsa kwa zaka zoposa 40, mpaka mu 1986 pamene anathirapo matani 280 a mankhwala a formaldehyde osakaniza ndi madzi a m'nyanja, chilumbacho n'kudzalengezedwa kuti chili bwino mu 1990. Mu 2016 ku Yamal, kumpoto kwa Russia, kutentha kwachilendo kunasungunula nthaka imene imakhala youma ndi chisanu, ndipo anthrax inapha nyama zoweta zotchedwa reindeer zoposa 2,000 komanso mnyamata wa zaka 12, kudera kumene matendawa anali atasowa kwa zaka zambiri. Tinjere ta Bacillus subtilis tinakhalanso mumlengalenga pafupifupi zaka 6, kuyambira 1984 mpaka 1990, pachombo china cha bungwe la NASA, ndipo tambiri mwa timene tinatchingidwa ku dzuwa tinadzuka titabwezedwa padziko. Palinso lipoti la mu 1995 lakuti tinjere tina tinadzutsidwa kuchokera m'mimba mwa njuchi imene inakwiririka mu utomoni zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, koma akatswiri ambiri amalikayikira, poganiza kuti mabakiteriya a masiku ano ndi amene analowerera poyesapo.

Kumwera kwa Africa kuno nkhani ya anthrax si yachilendo. Ku Zimbabwe, pakati pa 1978 ndi 1980, nkhondo itasokoneza katemera wa ng'ombe, anthu oposa 10,000 anadwala matendawa. Mu 2011 mvuu zinafa mumtsinje wa Luangwa ndipo anthu a m'boma la Chama ku Zambia amene anasenda ndi kudya nyamayo anadwala, pamene mu 2018 mvuu zinanso zinafa ndi matenda omwewa mumtsinje wa Shire kumalo osungira nyama a Liwonde. Kumapeto kwa 2023 bungwe la WHO linachenjeza za anthrax m'mayiko a Kenya, Malawi, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe. Matendawa amakonda kubuka m'chilimwe, msipu ukafupika, chifukwa nyama zimadya mogunditsa pakamwa pansi n'kumeza kapena kupuma dothi lokhala ndi tinjere, makamaka m'madambo mmene madzi osefukira anatisonkhanitsa.

Nyama yofa ndi anthrax nthawi zambiri imafa mwadzidzidzi, imatupa msanga, ndipo magazi akuda osagwirana amatha kutuluka m'mphuno, mkamwa ndi kumbuyo. M'magazimo muli mabakiteriya osawerengeka, koma ali m'maonekedwe awo ofewa, chifukwa bakiteriya wa anthrax, Bacillus anthracis, amafuna mpweya wa okosijeni kuti apange tinjere. Mtembo ukasiyidwa wosatumbula, ambiri mwa mabakiteriyawo amafa m'masiku ochepa pamene nyamayo ikuwola, koma mpeni ukangolowa, kapena afisi, agalu ndi miimba zikaung'amba, mpweya umafika pamagaziwo ndipo tinjere timapangika n'kulowa m'nthaka mmene tingadikire zaka makumi angapo. Apa ndi pamene pagona nzeru ya lamulo la alangizi a ziweto loletsa kusenda nyama yofa yokha, n'kulamula kuti iwotchedwe kapena ikwiriridwe mozama. Lamuloli ndi lowawa kwa banja limene lataya ng'ombe, makamaka m'chaka cha njala pamene nyama yotereyi imaoneka ngati ndiwo zaulere, ndipo aliyense amene amalilalikira ayenera kuvomereza kuwawa kwakeko, komabe kusenda kwa tsiku limodzi kumawononga msipu wa ana ndi zidzukulu. Katemera amene amateteza ziweto chaka ndi chaka anapangidwa ndi Max Sterne ku Onderstepoort m'dziko la South Africa m'zaka za m'ma 1930, ndipo katemerayo ndi tinjere tamoyo ta mtundu wofooketsedwa wa bakiteriya yemweyo.

Kafumbata amachokera kwa Clostridium tetani, amene mosiyana ndi wa anthrax amafa akakumana ndi okosijeni, motero kanjere ndiko kamamuthandiza kukhala m'dothi ndi m'ndowe kunja kuli mpweya. Kanjereko kakalowa m'chilonda chakuya, monga cha msomali, minga kapena khasu, mmene mpweya sufika, kamadzuka n'kuyamba kutulutsa poizoni amene amaumitsa nsagwada ndi minofu ya thupi lonse. Dzimbiri la pamsomali si limene limadwalitsa, koma dothi limene lamatirirapo. Khanda limatenga matendawa kudzera pamchombo ngati wadulidwa ndi lezala losayera kapena wapakidwa ndowe, dothi kapena phulusa. Popeza palibe angasese tinjere m'nthaka yonse ya dziko, kafumbata sangathetsedwe monga inathera nthomba, ndipo katemera wa ana ndi wa amayi oyembekezera ayenera kupitirira m'badwo uliwonse.

Kukhitchini tinjere timadutsa pamoto bwinobwino. Mpunga wosaphika kawirikawiri umakhala ndi tinjere ta Bacillus cereus, ndipo kuphika kumapha mabakiteriya ena onse opikisana naye n'kudzutsa tinjereto, kotero kuti mpungawo ukagona panja wofunda amaswana momasuka n'kusiya poizoni wosanzitsa amene kutenthetsanso sikumuwononga. Clostridium perfringens amachita zofananazo mumiphika ikuluikulu ya nyama ndi msuzi, ya paukwati, pamaliro kapena kusukulu zogonera komweko, imene pakati pake pamazizira pang'onopang'ono popanda mpweya, ndipo zinthu zikamuyendera bwino chiwerengero chake chimawirikiza kawiri pa mphindi pafupifupi khumi zilizonse. Malangizo a WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, koma chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira osapitirira madigiri 5, ndipo kumene kulibe firiji njira yodalirika ndi kuphika chokwanira kudya nthawi yomweyo. Woopsa koposa ndi Clostridium botulinum, amene Emile van Ermengem anamupeza pofufuza anthu odwala atadya nyama ya nkhumba ku Ellezelles m'dziko la Belgium mu 1895. Iyeyu amadzuka m'zitini ndi m'mabotolo otsekedwa osatenthedwa mokwanira, n'chifukwa chake chitini chotupa chiyenera kutayidwa osalawa, komanso uchi, umene nthawi zina umakhala ndi tinjere take, supatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chimodzi, amene m'matumbo mwake tinjereto tingadzukire.

Si mabakiteriya onse opanga tinjere amene ali adani. Bacillus thuringiensis, popanga kanjere kake, amapanganso kamwala ka puloteni kamene kamapha mbozi ndi mphutsi za udzudzu koma kosavulaza anthu, ndipo alimi m'mayiko ambiri amapopera mankhwala opangidwa kuchokera kwa iye.

M'zipatala, tinjere ndi timene timaika muyeso wa ukhondo. Mankhwala opaka m'manja okhala ndi spiriti satipha, choncho polimbana ndi bakiteriya wotchedwa C. difficile, amene amatsegulitsa m'mimba odwala amene amwa maantibayotiki kwa nthawi yaitali, anamwino amasamba m'manja ndi sopo kuti tinjere titsukike, pamene pansi ndi mabedi amapukutidwa ndi klorini. Zida zochitira opaleshoni siziwiritsidwa chabe, popeza madzi a mumphika wosatseka sapitirira madigiri 100, koma zimaikidwa m'makina otchedwa autoclave, amene Charles Chamberland, wogwira ntchito limodzi ndi Louis Pasteur, anawapanga mu 1879, mmene nthunzi yopanikizidwa imafika madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15. Pofuna kutsimikiza kuti makinawa akugwira bwino ntchito, ogwira ntchito amaikamo kabotolo kokhala ndi tinjere ta Geobacillus stearothermophilus, bakiteriya wopirira kutentha kwambiri, kenako n'kukafunditsa m'madzi okhala ndi chakudya. Tinjereto tikadzuka, madziwo amasintha mtundu, ndipo zida zonse zimene zinali m'makinamo zimabwezedwa kuti zikatenthedwenso makinawo atakonzedwa.