Nkhunda zikubwererabe kumudzi, koma ozidikira akutha

Kwathu ku Ntcheu nkhunda ndi ndiwo. Mlendo akafika mwadzidzidzi, mwana amakwera pakhola n'kutsitsa maunda awiri, ndipo pasanathe ola nsima yafika pamphasa. Ndidakula ndikudziwa zokhazo, kuphatikizapo zimene agogo ankanena zoti nkhunda sizikhala pakhomo pomwe pali ndewu. Choncho nditapita ku Joni kukasaka maganyu, n'kulembedwa ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba kum'mawa kwa Johannesburg, ndidadabwa kupeza kuseri kwa nyumba yake khola la nkhunda lokongola kuposa chipinda chomwe ndinkagona. Tsiku loyamba ndidamufunsa kuti amapha zingati pa sabata. Mdalayo adaseka mpaka kutsokomola. Adati nkhunda zakezo si zodya, ndi za mpikisano.

Ndidakhala pakhomopo zaka 6, ndipo pang'onopang'ono maluwa adasanduka ntchito yapambali. M'mawa uliwonse ndinkapala zitosi, kusintha madzi ndi kuyeza chakudya: chimanga, mapira, nsawawa ndi mpendadzuwa. Chiunda chikakwanitsa pafupifupi sabata imodzi tinkachiveka mphete ya nambala kumwendo, yomwe siivukanso moyo wake wonse. Zikakula tinkazinyamula m'madengu pagalimoto n'kukazimasula patali, lero makilomita 10, mawa 30, mpaka zitazolowera njira.

Mpikisano weniweni umayenda motere. Lachisanu madzulo aliyense amabweretsa mbalame zake kukalabu, komwe zimalembedwa n'kukwezedwa mulole. Loleyo imayenda usiku, ndipo Loweruka m'mawa zitseko zonse zimatsegulidwa nthawi imodzi. Nkhunda iliyonse imalunjika kukhola la kwawo. Popeza makolawo ali pamitunda yosiyana, wopambana sakhala amene nkhunda yake yafika koyamba ayi. Amatenga mtunda wochokera pomwe zamasulidwa kufika pakhola n'kuugawa ndi nthawi yomwe mbalameyo yauluka, ndipo ya liwiro loposa zonse ndiyo yapambana. Kale ankavula kamphira kumwendo kwa nkhunda n'kukaponya m'wotchi yotsekedwa yomwe inkadinda nthawi. Masiku ano mphete ili ndi kachipangizo komwe makina amawerenga mbalame ikangoponda pakhomo la khola. Nyengo ikakhala yabwino, nkhunda imauluka makilomita 70 kapena 80 pa ola, ndipo mphepo ikakhala kumbuyo imapitirira apo. Akatswiri amati imalondola njira poyang'ana dzuwa, pomva mphamvu ya maginito ya dziko, ponunkhiza, komanso pokumbukira misewu ndi mitsinje.

Sindidzaiwala yaikazi ina yaimvi yomwe tidaitumiza kumpikisano wa makilomita oposa 600. Anzake adafika Loweruka madzulo, iyo kudali zii. Lachiwiri ndikuthirira maluwa ndidaiona itatera padenga, chifuwa chitang'ambika, mwina ndi waya wamagetsi kapena mphamba. Mdala uja adaisoka yekha ndi singano, manja akunjenjemera, misozi ili m'maso. Tsiku limenelo ndidamvetsa chomwe chinkamukhazika pabwalo kuyang'ana kumwamba kwa maola ambiri.

Masewerawa adakhwimira ku Belgium m'zaka za m'ma 1800, n'kufalikira ku Britain, France, Netherlands ndi maiko ena. Ambiri mwa owakonda adali anthu wamba, makamaka a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale, omwe sakadakwanitsa kugula hatchi ya mpikisano. Komabe ndi mafumu omwe adalowerera: mu 1886 Mfumu Leopold II ya ku Belgium idapereka nkhunda kubanja lachifumu la ku Britain, ndipo khola lawo lidamangidwa ku Sandringham. Mbalamezi zidagwiranso ntchito zazikulu. Mu 1850 Paul Julius Reuter, yemwe dzina lake lili pa bungwe lofalitsa nkhani la Reuters, ankatumiza mitengo ya pamsika pakati pa Brussels ndi Aachen pogwiritsa ntchito nkhunda. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse zinkanyamula mauthenga a asilikali, ndipo nkhunda 32 zidalandira mendulo ya Dickin yomwe imaperekedwa kwa nyama zolimba mtima.

Ulemerero umenewo ukuzilala. Nkhondo yachiwiri itangotha, ku Belgium kudali anthu oposa 250,000 m'bungwe la oweta nkhunda za mpikisano. Pofika 2020 adatsala osakwana 20,000. Ku Britain nako mamembala a Royal Pigeon Racing Association akhala akucheperachepera kwa zaka zambiri. Ine ndidazionera pakalabu ya bwana wanga. Chaka chilichonse mpando wina unkatsala wopanda munthu, ndipo maliro ankachuluka kuposa mamembala atsopano. Wamng'ono pagululo adali ndi imvi kale.

Zifukwa zake n'zosabisika. Nkhunda za mpikisano zimafuna munthu tsiku lililonse, alibe tchuthi, alibe ulendo. Achinyamata a m'mizinda amakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda bwalo, ndipo anansi amadandaula za zitosi. Migodi yomwe inkasonkhanitsa anthu m'dera limodzi idatsekedwa. Chakudya, katemera ndi mafuta a lole zidakwera mtengo, ndiye anthu akachepa aliyense amasonkha zambiri. Pali matenda, monga wina wofanana ndi chitopa cha nkhuku, komanso chimfine cha mbalame chomwe chimachititsa maboma kuimitsa mipikisano. Fumbi la m'khola limadwalitsa ena mapapo. Pamwamba pa zonsezi, mwana wa lero ali ndi foni m'manja, ndipo kudikira mbalame maola 8 amakuona ngati chilango.

Chodabwitsa n'choti pamene anthu akuchepa, ndalama zikuchuluka. Mu Malichi 2019 nkhunda yotchedwa Armando idagulitsidwa mayuro 1.25 miliyoni pamsika wa pa intaneti wa PIPA ku Belgium. Mu Novembala 2020 yaikazi yotchedwa New Kim idagulidwa mayuro 1.6 miliyoni, zomwe n'zoposa K1 biliyoni. Zonse ziwiri zidagulidwa ndi anthu a ku China, komwe mpondamatiki ambiri alowa m'masewerawa. Pabweranso mpikisano wa khola limodzi: eni ake amatumiza maunda kumalo amodzi, komwe antchito amawalera ndi kuwaphunzitsa onse mofanana, mwini wake n'kumangotsatira zotsatira pafoni. Wotchuka mwa iyo udali wa Million Dollar ku Sun City m'dziko la South Africa, ndipo wina umachitikira ku Victoria Falls ku Zimbabwe. Bwana wanga ankadana nazo. Ankati munthu amene sadapalepo zitosi sangati ndi woweta nkhunda, ndi wotchova juga chabe.

Palinso funso lomwe okonda masewerawa sayenera kulithawa. Mabungwe oteteza nyama amati mbalame zambiri zimatayika kapena kufera m'njira, makamaka zikamasulidwa kukutentha kwambiri, kuli mphepo yamkuntho kapena powoloka nyanja. Akunena zoona, chifukwa ine ndemwe ndinkawerenga zisa zotsala zopanda eni ake Lolemba m'mawa. Amadzudzulanso njira yolekanitsa yaimuna ndi yaikazi kuti ithamangire kwawo chifukwa cholakalaka mnzake. Ngati masewerawa akufuna kukhalapobe, ayenera kufupikitsa mitunda ya mbalame zazing'ono, kulemekeza nyengo, ndi kusiya kupha zomwe zalephera kupambana.

Mdala uja atamwalira, ana ake adabwera kuchokera kunja. Adagulitsa mbalame zabwino pamsika, zina adagawa, ndipo khola lidaphwasulidwa m'masiku awiri. Zikho zake adaziika m'katoni. Kwa milungu ingapo nkhunda zina zomwe zidagulitsidwa zinkabwerabe n'kutera pamalo pomwe padali khola, n'kumazungulira pa simenti yopanda kanthu. Ndinkaziwazira chimanga mobisa mpaka tsiku lomwe nyumbayo idagulitsidwa, ine n'kubwerera kumudzi.

Pano ndili ndi khola langa la nkhunda zathu zomwezi za m'mudzi. Si za mtundu wa mpikisano, ndipo sindinganame kuti zingauluke kuchokera ku Karonga. Koma mphwanga wa zaka 13 adandimva ndikusimba za ku Joni, ndipo tsiku lina adati, "Amalume, bwanji tiyese?" Adaika zinayi m'dengu, n'kupalasa njinga makilomita 5, ine n'kutsala ndi wotchi. Zitatu zidafika iye asadabwerere. Sabata yotsatira adabwera ndi anzake awiri, aliyense ndi dengu lake, ndipo mkangano wa yemwe wapambana udatha dzuwa litalowa.

Apa mpamene ndikuonera tsogolo la masewerawa. Mamiliyoni a ku China adzasunga mitundu yabwino ya nkhunda, koma sangalowe m'malo mwa mwana woima pabwalo akuyang'ana kumwamba. Zomwe Azungu akusowa, ife tili nazo: malo, chimanga, achinyamata ochuluka, ndi makola omwe ali kale pakhomo. Chomwe tikusowa ndi mbewu ya nkhunda zolondola kwawo kuchokera kutali, katemera, ndi anthu ochepa ogwirizana pa malamulo. Aliyense wofuna kuitanitsa mbalame kunja adzere kwa a zaulimi wa ziweto, kuopa kutibweretsera matenda omwe angapulule nkhuku za m'mudzi. Makalabu a m'sukulu angayambe ndi mitunda yaifupi, ana n'kuphunzirapo masamu a liwiro ndi kasamalidwe ka ziweto.

Mphwanga uja wandiletsa kupha yaimuna yake yamawanga, ngakhale kubwere mlendo wolemekezeka bwanji. Loweruka likubwerali akuti akaimasulira pamtunda wa makilomita 15. Mayi ake akuti tikuwononga ndiwo, koma ndawaona kale kawiri ataima pakhonde, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana cha kumpoto.